Mapazi Satulutsa Utsi: Ana a ku Epworth ndi Njira ya ku Sukulu

Nkhani ya kusintha kwa nyengo ikamakambidwa pa misonkhano ya chitukuko, kawirikawiri timamva za mafakitale, za malasha a ku Hwange ndi za nkhalango zimene zikutha. Ulendo wa mwana wopita ku sukulu m'mawa ndi kubwerera kwawo masana sutchulidwa kwenikweni, poti umaoneka ngati kanthu kakang'ono. Komatu ulendowu umachitika masiku asanu pa sabata, matemu atatu pa chaka, kwa zaka 13 ngati mwana wayamba Giredi 1 mpaka kumaliza Fomu 6. Tikauphatikiza pa ana onse a mzinda ngati Harare, tipeza kuti ukudya mafuta ambiri, ukudya ndalama za makolo, ndipo ukusiya utsi wochuluka m'mlengalenga.

Ine ndimakhala ku Epworth, ndipo ntchito yanga ndi yoyendera mabanja ndi kukhala nawo pa misonkhano ya makolo. Chimene ndaona pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi n'chakuti ana ambiri a kuno amapita ku sukulu wapansi, ndipo pa nkhani ya utsi alibe mlandu. Vuto ndi lakuti njira imene amayendamo ndi yoopsa ndi yotopetsa, moti kholo likangopeza kandalama, chinthu choyamba chimene limachita ndi kuchotsa mwana wake panjirapo n'kumukweza galimoto. Ngati tikufuna kuchepetsa utsi wa maulendo a ku sukulu, ntchito yathu yaikulu ndi kukonza njira yapansiyo pamodzi ndi sukulu imene ili kumapeto kwake, kuti kholo liziisankha mwa kufuna kwake ngakhale litakhala ndi ndalama m'thumba.

Nyumba zinatsogola, misewu ndi sukulu zinatsalira

Kwa awerengi a kutali, Epworth ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 kuchokera pakati pa mzinda wa Harare, kum'mwera chakum'mawa. Inayamba ngati mishoni ya mpingo wa Methodist m'zaka za m'ma 1890, ndipo dzina lake linachokera ku tawuni ya ku England kumene John Wesley anabadwira. Miyala yosanjikizana ija chithunzi chake chakhala chikusindikizidwa pa ndalama za dziko la Zimbabwe ili konkuno, m'mbali mwa msewu wa Chiremba, umene ndi msewu waukulu wotilumikiza ndi tawuni.

Anthu anayamba kuchuluka kuno m'zaka za m'ma 1970 pothawa nkhondo ya ufulu kumidzi. Ena anabwera ufulu utapezeka mu 1980, ena anachoka m'mafamu pamene minda inayamba kugawidwa mu 2000, ndipo chipwirikiti cha kugwetsa nyumba cha Murambatsvina mu 2005 chinasuntha mabanja ambiri, kuno komwe ndi m'madera ena a mzinda. Pakati pa anthuwa tilipo ife ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. N'chifukwa chake Chichewa chimamveka m'makwalala a kuno, ndipo malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 anachiika pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Kalembera wa mu 2012 anapeza anthu pafupifupi 167,000 ku Epworth, ndipo wa mu 2022 anapeza oposa 200,000. Bungwe loyendetsa dera lino, la Epworth Local Board, linakhazikitsidwa mu 1986, litapeza kale nyumba zambiri zitamangidwa popanda mapu. Kwina anthu amayamba ndi kulambula msewu, kuika mipope ndi kusiya malo a sukulu, kenako nyumba n'kumangidwa. Kuno nyumba zinatsogola. Zotsatira zake n'zakuti ku madera ngati Overspill, Magada, Jacha ndi Domboramwari ana ndi ochuluka kuposa mipando ya m'kalasi. Sukulu zina zimaphunzitsa mosinthana, gulu lina m'mawa, gulu lina masana. Ana ena amaphunzira m'timakoleji ta anthu wamba tomwe tatsegulidwa m'nyumba ndi m'matchalitchi. Ndipo makolo amene angathe amatumiza ana awo ku sukulu za ku Hatfield, ku Queensdale, ku Cranborne kapena m'tawuni mwenimweni. Ana amenewa ndi amene amadzaza magalimoto pa msewu wa Chiremba kusanache.

Tiwerengere utsi wa ulendo umodzi

Mlimi sakhulupirira za fetereza asanaone matumba a chimanga, choncho ndi bwino nkhaniyi tiiike m'manambala. Lita imodzi ya petulo ikapsa mu injini imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweya wa kaboni dayokisaidi, ndipo lita ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.7. Mpweyawo umalemera kuposa mafuta amene unachokerako chifukwa poyaka, kaboni wa m'mafuta amagwirana ndi mpweya wabwino umene timapuma. Sununkha ndipo suoneka ndi maso, koma ukachuluka m'mlengalenga umasunga kutentha kwa dzuwa monga mmene bulangeti limasungira kutentha kwa thupi.

Tsopano tiyerekeze mwana amene amaphunzira m'tawuni, makilomita 12 kupita ndi 12 kubwerera. Tiyerekezenso kuti galimoto yaing'ono ya bambo ake imamwa malita 7 pa makilomita 100 alionse. Pa tsiku ipsereza malita pafupifupi 1.7, ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 4 a mpweya uja. Pa masiku 180 a sukulu, mpweyawo ufika makilogalamu pafupifupi 700, kulemera kwa matumba 14 a chimanga a makilogalamu 50. Petulo wa dziko lino amasakanizidwa ndi mafuta ochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, monganso Malawi wakhala akuchitira ndi nzimbe za ku Dwangwa kuyambira mu 1982, ndipo zimenezi zimatsitsako nambalayi pang'ono. Komabe ndi mtolo waukulu, tikakumbukira kuti tikagawa mpweya wonse wochokera ku mafuta ndi malasha a dziko la Zimbabwe kwa anthu ake onse, munthu mmodzi sakwanitsa n'komwe tani imodzi pa chaka.

Mwana yemweyo akakwera kombi, minibasi ya kuno ija imanyamula anthu 18, nkhani imasintha. Ngakhale kombiyo itamwa malita 12 a dizilo pa makilomita 100, gawo la mwana mmodzi silifika makilogalamu 100 pa chaka. Basi yaikulu yodzaza bwino imatsitsanso gawolo. Wa njinga yakapalasa ndi wapansi satulutsa kanthu.

Apa pali msampha umene tiyenera kuuona. Timagalimoto tija timatchedwa mushikashika, tomwe timanyamula anthu popanda chilolezo, timapanikiza ana asanu ndi atatu kapena khumi pa malo a anthu asanu, ena pamiyendo pa anzawo, ena m'buti. Tikawerengera utsi wokha, gawo la mwana aliyense ndi lochepa ndithu. Koma palibe kholo kapena mlangizi wanzeru amene angayamikire zimenezi. Nambala ya utsi ndi muyeso umodzi chabe, ndipo moyo wa mwana uli patsogolo pake. Njira imene tikuifuna ndi imene imachepetsa utsi ndi kufikitsa mwana kwawo ali bwinobwino.

N'chifukwa chiyani makolo amasankha galimoto?

Pa misonkhano ya makolo sindinamvepo munthu akunena kuti amakonda kulipira kombi. Ndalama ya ulendo wa mwana mmodzi pa mwezi ikhoza kugula thumba la ufa, ndipo mabanja ambiri a kuno amadalira kugulitsa masamba, kuumba njerwa, kuswa miyala ndi maganyu. Amalipira chifukwa cha mantha ndi chifukwa cha chiyembekezo.

Mantha ake ndi odziwika. M'miyezi ya June ndi July mwana wopita kutali amanyamuka kudakali mdima, m'njira zopanda magetsi zodutsa pakati pa miyala ndi m'tchire. Kuyambira November mpaka March timitsinje timadzaza, ndipo maenje amene okumba mchenga anasiya amasanduka maiwe. Mu October dzuwa la masana limapweteka mwana wa Giredi 1 amene sanadye kanthu m'mawa. Atsikana amakumana ndi amuna owaimitsa panjira ndi kuwanyengerera ndi timphatso. Pa msewu wa phula palibe poyenda anthu apansi, ndipo madalaivala olimbirana okwera amakhotera m'mbali mosayang'ana. Ndinapitako ku chipatala kukazonda mnyamata wa Giredi 3 amene anathyoka mwendo atagundidwa ndi galimoto yotere pamene ankawoloka. Atachira, amayi ake anandiuza kuti, “Alangizi, kuli bwino tigone ndi njala koma mwanayu azikwera galimoto.” Anali kulankhula ngati mayi, ndipo bungwe la World Health Organization limavomereza mantha awo: ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 pa dziko lonse.

Chiyembekezo chake ndi cha maphunziro. Kholo likaona kalasi ya ana ochuluka ogawana buku limodzi, limaganiza kuti tsogolo la mwana lili kutsidya, ku sukulu ya mpanda wabwino. Pali chinthu chinanso chimene sitikonda kuchitchula: kuyenda wapansi kwasanduka chizindikiro cha umphawi. Mwana wofika ndi fumbi m'miyendo amasekedwa ndi mnzake wotsika m'galimoto, ndipo kholo limamva kuwawa kwa chipongwecho kuposa mwana mwiniyo.

Tinaonanso mmene kudalira galimoto kumatisiyira pa mpanipani. Mliri wa COVID-19 utafika mu 2020, boma linaletsa makombi onse amene sanali pansi pa kampani ya mabasi ya ZUPCO, ndipo linawalolanso mu 2022. Sukulu zitatsegulidwa m'nthawi imeneyo, ana ophunzira kutali ankaima pa mizere italiitali ndi kufika mochedwa, pamene ophunzira pafupi ankafika pa nthawi yake. Mafuta akasowa kapena akakwera mtengo, zimachitikanso chimodzimodzi.

Nzeru ya oyenda ulendo wautali

Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu ali mnyamata m'zaka za m'ma 1940. Anayenda wapansi kudutsa dera la Tete, anawoloka Zambezi pa bwato, mpaka anafika ku Salisbury, dzina la Harare pa nthawiyo. Anzawo ena ankabwera pa malole a boma otchedwa Ulere, ena kudzera kwa olemba anthu ntchito a Mthandizi, koma ambiri anabwera ndi mapazi awo. Pofotokoza ulendowo, agogo sankachedwa pa za mikango kapena njala. Ankanena za malamulo a ulendo. Munthu sanyamuka yekha. Gulu limakhala ndi wotsogolera amene njirayo anaiyendapo kale. Wamphamvu amayenda kumbuyo kuti wofooka asatsale. Aliyense amadziwa pamene gulu lidzapumire ndi pamene lidzatungire madzi.

Malamulo amenewa ndi omwewo amene mayiko olemera akuwagwiritsa ntchito lero pa ana a sukulu. Ku Japan ana ambiri a pulaimale amasonkhana pa malo amodzi m'mawa n'kuyenda m'magulu motsogozedwa ndi ana okulirapo, anthu a m'deralo akuwayang'anira pa mphambano. Ku England, m'tawuni ya St Albans, sukulu ina inayambitsa mu 1998 chimene tingachitche basi ya miyendo: wamkulu mmodzi patsogolo ngati dalaivala, wina kumbuyo ngati kondakitala, njira yodziwika, malo oimapo odziwika ndi nthawi yodziwika. Iwo anachita zimenezi pofuna kuchotsa ana m'magalimoto. Ife ana athu ali kale panjira, ndiye ntchito yathu ndi yopepukirapo.

M'dera limene ndimakhala, amayi angapo anagwirizana kuchita zofanana ndi zimenezi. Ana a makomo oyandikana amasonkhana pa chitsime, ndipo amayiwo amasinthana masiku owaperekeza, aliyense tsiku limodzi pa sabata. Agogo aakazi ena amene sangathe kuyenda mtunda amakhala pa mpando pakhomo pawo, pamene njira imakhotera, n'kumawerenga ana akamadutsa. Mwana akasowa, uthenga umafika kwa makolo ake dzuwa lisanakwere. Palibe ndalama imene yaperekedwa, ndipo mayi amene kale ankataya m'mawa uliwonse poperekeza mwana wake tsopano amapita ku msika masiku anayi pa sabata. Akulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mwambiwu pano ukugwira ntchito imene kombi inkagwira.

Msewu wokumbukira mwana

Gulu loyenda pamodzi limateteza ana kwa achifwamba, koma silingaimitse galimoto yothamanga. Pamenepa pakufunika kusintha msewu weniweniwo. Munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola nthawi zambiri amapulumuka, pamene liwiro likafika 50 kapena 60 imfa imayandikira kwambiri. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za mayiko umene unachitikira ku Stockholm mu 2020 unalimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola paliponse pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu apansi.

Chitsanzo chabwino chili ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, kumene madera ambiri anakula mopanda mapu ngati kwathu kuno. Bungwe la Amend limafufuza sukulu zimene ana ake amavulala kwambiri, n'kuyenda ndi anawo kuti aone pamene amawolokera. Kenako limamanga tinjira ta apansi m'mbali mwa msewu, zitunda zochepetsa liwiro, malo owolokera a mizere yoyera ndi zikwangwani, ndipo nthawi zina limasuntha chipata cha sukulu kuti chisayang'ane ku msewu waukulu. Kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana pa sukulu zoterezi kunatsika ndi 26 peresenti, ndipo mu 2019 ntchitoyi inalandira mphoto ya bungwe la World Resources Institute. Zinthu zimene amamanga ndi za simenti, miyala ndi penti, ndipo Epworth sasowa miyala kapena amisiri.

Njinga nayo ili ndi malo ake, makamaka kwa ana a sekondale amene sukulu zawo zili patali. M'chigawo cha Bihar ku India, boma linayamba mu 2006 kupatsa atsikana olowa sekondale ndalama zogulira njinga, ndipo akatswiri a zachuma Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash anapeza kuti chiwerengero cha atsikana olembetsa sekondale pa msinkhu woyenera chinakwera ndi 32 peresenti. Ku chigawo cha kum'mwera kwa Zambia, kafukufuku wa bungwe la Innovations for Poverty Action pa njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief limagawa, anaonetsa kuti kujomba kwa atsikana kunatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Njinga zimenezi zimapezekanso ku Zimbabwe ndi ku Malawi. Kwa mlimi njinga ili ndi phindu lachiwiri, poti Loweruka imapita ku chigayo ndi ku msika. Koma m'tawuni njinga imafuna zinthu zitatu kuti ikhale yothandiza: njira yopewa magalimoto akuluakulu, malo okhoma oimikapo pa sukulu, ndi mmisiri wapafupi wokhala ndi zipangizo. Chimodzi mwa izi chikasowa, njingayo imathera padenga.

Sukulu yapafupi ndiyo mankhwala aakulu

Njira zonsezi zimathandiza mwana amene sukulu yake ili pa mtunda woti n'kuyenda. Makilomita 12 a ku tawuni sangayendedwe wapansi ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale njira itakhala yosalala bwanji. Choncho kalasi iliyonse yatsopano imene yamangidwa ku Epworth imachotsa ana makumi angapo pa msewu wa Chiremba kwa zaka zambiri. Pa nkhani ya utsi, njerwa za kalasi zimagwira ntchito yoposa injini yatsopano.

Kumanga kokha sikukwanira, chifukwa kholo limatsata maphunziro abwino. Pamene makolo opezako bwino achotsa ana awo pa sukulu yapafupi, amachoka ndi ndalama zawo, mawu awo ndi luso lawo, ndipo sukuluyo imafookerafookera. Ndalama imene mabanja makumi asanu amapereka kwa madalaivala pa chaka ikhoza kugula mabuku a kalasi yonse kapena kukumba chitsime cha sukulu. Sindikuweruza kholo lililonse, pakuti aliyense amafunira mwana wake zabwino. Ndikungopempha kuti pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha sukulu masamu amenewa azilembedwa pa bolodi, kuti makolo aone kumene ndalama za dera lawo zikupita.

Kwa ana amene ayenera ndithu kupita kutali, monga a Fomu 5 ndi Fomu 6 ofuna maphunziro amene sapezeka pafupi, njira yabwino ndi galimoto imodzi yaikulu yokhala ndi chilolezo, yodzaza molingana ndi mipando yake. Makolo a sukulu imodzi akhoza kupangana ndi mwini basi kapena kombi pa temu yonse, kulemba pangano, kudziwa dalaivala ndi kuonetsetsa kuti galimotoyo ikukonzedwa. Injini yosamalidwa ndi matayala opopedwa bwino zimamwa mafuta ochepa, ndipo dalaivala wolipidwa pa mwezi sathamangira okwera ena.

Gawo la alimi

Anthu a ku Epworth ndi alimi ngakhale akukhala m'tawuni. Mvula ikagwa, kampata kalikonse pakati pa miyala kamamera chimanga, ndipo madimba a masamba amadalira zitsime za pakhomo. Choncho kusintha kwa nyengo timakumva m'mimba. Chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024 chinapsereza mbewu moti mu April 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi, Malawi ndi Zambia zitalengeza kale chimodzimodzi. Mu March 2019 namondwe wa Idai anapha anthu mazana ku Chimanimani ndi ku Chipinge, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 kum'mwera kwa Malawi, kumene ambiri a ife tili ndi abale.

Mlimi ali ndi chinthu chimene njira ya ku sukulu ikusowa, ndicho luso lodzala ndi kusamala mtengo. Njira ya mthunzi imafupika m'maganizo a mwana. Mango, mapeyala, magwafa, mkuyu ndi mbawa zikhoza kufesedwa mu nazale ya pa sukulu, ndipo khomo lililonse la m'mbali mwa njira likhoza kulandira mbande ziwiri zoti lizithirira ndi madzi otsukira mbale ndi kuziteteza ku mbuzi. Mtengo wokhala ndi mwini wake umakula, pamene wodzalidwa pa mwambo n'kusiyidwa umauma isanathe miyezi iwiri. Mizu yake imagwira dothi kuti njira isasanduke chigwembe, ndipo thunthu lake limasunga kaboni amene masamba akoka m'mlengalenga. Alimi amadziwanso kutchinga madzi othamanga ndi miyala ndi udzu wa vetiva, ndipo luso limeneli ndi limene lingakwirire maenje a mchenga ndi kulimbitsa powolokera timitsinje.

Za chilungamo

Wina angafunse kuti, n'chifukwa chiyani tikuvutitsa ana a anthu osauka ndi nkhani ya utsi pamene Africa yense amatulutsa mpweya wosakwana magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni dayokisaidi wochokera ku mafuta ndi malasha pa dziko lonse? Funsoli ndi loyenera. Munthu mmodzi wa ku United States amatulutsa matani oposa 13 pa chaka, ndipo udindo waukulu uli kwa mayiko otere. Mwana wa ku Jacha sayenera kuuzidwa kuti aziyenda wapansi pofuna kulipira ngongole ya anthu ena.

Komabe mizinda yathu ikukula, magalimoto akale ochokera ku Japan akuchuluka, ndipo mmene tikumangira lero ndi mmene adzukulu athu adzayendere. Utsi wakuda wa injini zakale umalowa m'mapapo a mwana woima pa siteji usanafike kumwamba. Dziko la Zimbabwe linalonjeza mu 2021, pansi pa pangano la ku Paris la mu 2015, kuti pofika 2030 lidzachepetsa mpweya wa munthu aliyense ndi 40 peresenti poyerekeza ndi mmene zikanakhalira popanda kuchitapo kanthu, ngati litathandizidwa ndi mayiko ena. Ngati thandizo lotere likubwera, ife a m'madera tili ndi ufulu wonena kuti gawo lina lipite ku tinjira ta apansi, milatho yaing'ono, magetsi a dzuwa a m'njira ndi makalasi. Ana amene akhala akuyenda popanda utsi zaka zonsezi ndi amene ayenera kukhala oyamba kupindula.

Poyambira pake

Alangizi anzanga, ntchitoyi siyamba ndi ndalama. Imayamba ndi pepala lalikulu ndi ana a kalasi imodzi. Afunseni kuti ajambule njira imene amadzera, aike chizindikiro pamene amaopa, pamene amawoloka msewu, pamene madzi amadzaza ndi pamene pali mdima. Werengani kuti ndi angati amabwera wapansi, pa njinga, pa kombi ndi pa mushikashika, ndipo amatha mphindi zingati. Mufunse atsikana paokha, chifukwa pali zina zimene sanganene pamaso pa anyamata. Kenako yendani njirayo nokha pa nthawi imene anawo amayenda, pamodzi ndi makolo angapo ndi mphunzitsi.

Mapu amenewa mupite nawo ku komiti ya sukulu, kwa khansala wa dera lanu, ku Epworth Local Board ndi ku bungwe la Traffic Safety Council of Zimbabwe. Pempho lotchula malo enieni, monga chitunda chochepetsa liwiro pa chipata chakuti kapena kamlatho pa kamtsinje kakuti, limamveka msanga kuposa dandaulo lachisawawa. Kumidzi, kaya ndi ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, njira yake ndi yomweyo, kungoti mudzapita kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi.

Kalendala nayo ikutithandiza. Loweruka loyamba la December ndi tsiku lodzala mitengo m'dziko la Zimbabwe kuyambira mu 1980, ndipo limafika mvula itayamba. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse linaikidwa mu 2018 kukhala tsiku loyeretsa madera, ndipo likhoza kugwiritsidwa ntchito polambula udzu wa m'njira za ana ndi kukwirira maenje. Sukulu zimatsegulira chaka chatsopano mu January. Ngati mbande zadzalidwa mu December ndipo makolo agawana masiku operekeza ana tchuthi chisanathe, ana a Giredi 1 adzayamba sukulu akudziwa gulu lawo, malo okumanira ndi dzina la wamkulu wowatsogolera. M'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera njira yabwino ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi sadzachita nayo manyazi akadzakula, ndipo akadzakhala khansala kapena injiniya adzakumbukira kusiya malo a anthu apansi m'mbali mwa msewu.